Mbewu zikapserera kapena kukokoloka: thandizo la boma limayenda bwanji?

Tembo wa ku Kasenengwa: Moni akuluakulu nonse pa gulu. Mvula yadula kuno pamene chimanga chikumasula, masamba akupota ngakhale m'mawa dzuwa lisanakwere. M'midzi ina anthu ayamba kale kupereka maina kwa anyakwawa, akuti boma lilipira munda uliwonse umene wapserera malinga ndi kukula kwake. Amene mukudziwa kayendedwe kake tithandizeni. Ndalama imeneyi ilipodi? Nanga dzina limapita kwa yani?

Mwale D.: A Tembo, ndalama yakuti lima imodzi mulandira mwakuti, hekitala mwakuti, kulibe. Amene akulemba maina ndi lonjezo limenelo akusocheretsa anthu. Tiyeni tione chaka chimene chinali choipitsitsa posachedwapa. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chinawonongeka. Zokolola za dziko zinatsika kuchoka pa matani 3.2 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Ngakhale chaka chimenecho palibe amene anayeza munda wa munthu ndi kumuwerengera ndalama ya munda wakewo.

Chimene chinachitika ndi chakuti thandizo linadzera njira zosiyanasiyana, iliyonse ndi unduna wake ndi mndandanda wake. Inshuwalansi ya FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, inadzera ku Unduna wa Zaulimi. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ya mabanja ovutika inadzera kwa a Social Welfare. Cash for Work, ndalama yolandira utagwira ntchito za m'dera, inadzera ku makhonsolo. Chimanga ndi ufa wa thandizo zinadzera ku DMMU, nthambi ya boma yoona za ngozi, imene ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti. Dzina likakhala pa mndandanda umodzi silidumphira lokha pa wina. Mndandanda wa anyakwawa ungathandize pofotokoza kukula kwa vuto, koma si umene amalipirira.

Tembo wa ku Kasenengwa: Zikomo a Mwale. Tiyambe ndi ya inshuwalansiyo, pakuti alimi ambiri kuno ali mu FISP koma sadziwa kuti ali ndi inshuwalansi.

Mwale D.: Ili mkati mwa K400 ija mlimi amaika asanatenge feteleza. Pa ndalama imeneyo K100 ndi ya inshuwalansi ya nyengo. Choncho amene anasankhidwa koma sanaike K400 yake chaka chimenecho alibe inshuwalansi, ngakhale dzina lake lili mu ZIAMIS, kaundula wa alimi wa pa kompyuta, kuyambira kale. Amene anagula feteleza yekha ku sitolo alibenso, pokhapokha atagula inshuwalansi payekha kapena kudzera ku kampani imene amalima nayo thonje, fodya kapena soya.

Apa ndi pamene pamavuta kumvetsa. Inshuwalansi imeneyi siyang'ana munda wa munthu mmodzi. Makina a mumlengalenga amayeza mvula imene yagwa m'dera lonse, nkuyerekeza ndi mvula imene derali limalandira zaka zambiri zapitazo. Nyengo imagawidwa m'zigawo: nthawi yobzala ndi kumera, nthawi yomasula ndi kuika ana, ndi nthawi yokhwima. Mvula ikachepa kupitirira malire amene anaikidwa pa chigawo china, kapena ikachuluka mopitirira, alimi onse a FISP a m'dera limenelo amene analipira amalandira mofanana. Makampani ena amawonjezapo kudula chimanga m'minda ingapo yosankhidwa, kuchiyeza pa sikelo, kuti aone zokolola za kampu yonse, ndiye kuti dera loyang'aniridwa ndi mlangizi mmodzi wa zaulimi.

Palibe fomu yakuti mlimi akalembe kuti mbewu zanga zafa. Malipiro amabwera okha kudzera mu ZIAMIS, ndipo kawirikawiri amakhala vocha yokatengera mbewu, feteleza kapena mankhwala kwa agro-dealer wovomerezeka, osati ndalama ya m'manja. Sabwezanso mtengo wa chimanga chimene mukanakolola. Amawerengera pa mtengo wa zipangizo zimene zinalowa m'munda, ndiponso ndi gawo chabe malinga ndi kukula kwa chilala.

Banda wa ku Katete: Ine pamenepa ndi pamene ndimakana a Mwale. Mvula ya kuno imagwa mopatula. Mudzi wa kuseri kwa phiri ilandira, wa kuno ayi, koma onse ali kampu imodzi. Wakolola ngolo zitatu ndi amene sanakolole ngakhale dengu alandira chimodzimodzi, kapena onse osalandira chifukwa makina aona kuti mvula inakwana. Komanso makinawo saona dothi. Munda wa mchenga umauma pa masiku khumi, wa katondo upirira masabata atatu. K100 onse analipira yofanana.

Mwale D.: Zimene mwanena ndi zoona a Banda, ndipo ndilo bala lalikulu la inshuwalansi ya mtundu umenewu. Chifukwa chake anaisankha ndi mtengo. Alimi a FISP ndi opitirira 1 miliyoni. Kutuma munthu kukayeza munda uliwonse kungadye ndalama yoposa K100 ija asanalipire aliyense. Chimene kampu ingachite ndi kusunga umboni wake. Pakhale choyezera mvula pa sukulu kapena kwa mlangizi, munthu mmodzi azilemba tsiku ndi mamilimita m'buku m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku limene sikunagwe kanthu alembe 0. Makina akanena kuti mvula inakwana pamene buku likuonetsa masiku 25 opanda dontho, mlangizi amakhala ndi chogwira popita nacho kwa DACO, mkulu wa zaulimi wa ku boma. Popanda buku, dandaulo limakhala la pakamwa ndipo silipita patali.

Dziwaninso kuti mbozi zija zodya chimanga kumtima, zimene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, makina oyeza mvula saziona konse.

Nyirenda L.: Ndiwonjezeko za ZIAMIS, chifukwa ambiri amataya malipiro awo pa zinthu zazing'ono. Uthenga wa vocha umapita pa nambala ya foni imene inalembedwa tsiku lolembetsa. Ngati wapampando wa kopaletivu analemba nambala yake pa mamembala khumi kuti ntchito ifulumire, mauthenga onse khumi apita kwa iye. Ngati SIM inatayika ndipo mwini anagula ina osauza mlangizi, uthenga upita kumene kulibe munthu. Nambala ya reji ikalakwika pa chiwerengero chimodzi, agro-dealer sangakupatseni katundu ngakhale akudziwani kuyambira ubwana, chifukwa makina ake akana.

Nthawi yokonza zimenezi ndi ino, malipiro asanalengezedwe. Pitani kwa mlangizi wa kampu ndi reji yeniyeni, osati fotokope yofufutika, mupemphe akuonetseni mmene dzina, reji, foni ndi kampu zinalembedwera. Kampu ikhale ya kumene kuli munda. Ena analembetsa ku kampu ya kwa achibale chifukwa kunali malo, ndiye mvula imene amayezeredwa ndi ya kumeneko, osati ya kumunda kwawo. Lisiti ya K400 musataye.

aNaphiri: Moni abale. Ndifotokozeko za ku Social Welfare, pakuti kumeneko ndi kumene ndalama ya m'manja imachokera ndipo ndi kumene mikangano imachuluka.

Pali Social Cash Transfer ya nthawi zonse. Imeneyi si ya chilala. Ndi ya nyumba imene muli nkhalamba, wolumala kwambiri, wodwala matenda osachiritsika, nyumba yoyendetsedwa ndi mwana, kapena mayi amene akulera yekha ana atatu kapena kuposa. Mu 2024 nyumba zimenezi zinawonjezeredwa K200 pa mwezi chifukwa cha chilala. Kenaka boma linatsegula ina yapadera, Emergency Cash Transfer, ya mabanja amene sanali pa mndandanda woyamba koma njala inawagwira. Inali K400 pa mwezi, yolandira K800 pa miyezi iwiri, ndipo inali ya miyezi 12 yokha. Inali ya chilala chimene chija. Kuti ibwerenso pafunika boma lilengeze mwatsopano, choncho musauze anthu kuti idakalipo.

Kalembedwe kake kamayamba ndi a CWAC, komiti ya m'dera lanu yogwira ntchito ndi a Social Welfare, amene amaitanitsa msonkhano. Pambuyo pake olemba ochokera ku boma amafika ndi matabuleti, nkufunsa za nyumba: muli anthu angati, denga ndi la chiyani, ziweto zilipo, mumadya kangati. Mayankho amapita mu kompyuta, ndipo maina amene adutsa amabwerera kumudzi kudzawerengedwa pagulu kuti anthu avomereze kapena akane. Msonkhano wowerenga mainawu ndi umene anthu amaupeputsa. Amapita kumunda, kumaliro kapena kumsika, ndipo akamva kuti wa sitolo ndi mwana wa anyakwawa alowa pamene agogo osowa atsala, mndandanda watsekedwa kale. Pa tsiku limenelo nyumba iliyonse itumize munthu wamkulu, ndipo amene akuona cholakwa alankhule pomwepo pamaso pa a boma.

Amalemba nyumba, osati munthu aliyense payekha. Amene amadyera mphika umodzi ndi nyumba imodzi. Pa mitala, ngati mayi aliyense amaphika payekha ndipo ali ndi nkhokwe yake, zimenezo zinenedwe momveka kwa olemba.

Amai Zulu: aNaphiri, nanga agogo amene reji yawo inapsa ndi nyumba, kapena amene sangathe kuyenda kukafika kolandirira, amatani?

aNaphiri: Amai Zulu, wosatha kuyenda amaloledwa kulembetsa womuimira, munthu amene amamukhulupirira, ndipo dzina ndi reji ya womuimirayo zimalowa m'kaundula tsiku lolembetsa lomwelo. Asadikire tsiku la malipiro ndi kutuma mdzukulu amene sanalembedwe, abwerera chimanjamanja. Za reji yotayika kapena yopsa, ayambire ku polisi kukatenga lipoti, kenaka ku ofesi ya National Registration ku boma. Izi zimatenga nthawi ndi ndalama ya ulendo, ndiye achibale ayambe tsopano. Wolandira akamwalira, banja lidziwitse a CWAC ndi ofesi ya Social Welfare kuti aone ngati nyumbayo ikuyenerabe ndi kusintha dzina. Kupitiriza kulandira m'dzina la womwalira mwakachetechete ndi mlandu, ndipo zikadziwika amasiye ndi amene amavutika.

Amene wasiyidwa molakwika asangodandaulira pa chitsime. Pali mabokosi a madandaulo ndi mafomu ake, ndipo ofesi ya Social Welfare ku boma imalandira anthu. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Jere M.: Za kulandira pa foni ndinenepo, chifukwa ndalama zambiri zimasowera pamenepa boma litatumiza kale. SIM iyenera kukhala yolembetsedwa ndi reji ya wolandira mwiniwake. Dzina la pa mndandanda likakhala Tisauke koma SIM ndi ya mwamuna wake kapena ya mwana wa ku Lusaka, makina amabweza ndalamayo, ndipo kuti itumizidwenso pamapita miyezi. SIM ikakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito kampani imaitseka ndipo pambuyo pake imagulitsa nambalayo kwa munthu wina. Agogo amene amasunga SIM m'kachikwama kudikira malipiro aziyiika mu foni kawirikawiri ndi kuimbako kapena kugula mayunitsi ochepa.

China ndi ngongole za pa foni. Ngati mdzukulu anakongola ndalama pa nambala ya agogo, malipiro akangolowa makina amayamba adula ngongoleyo. Agogo apita pa booth apeza yatsala theka, nkuyamba kunena kuti boma laba.

Pa booth, onani nokha uthenga ndi kuchuluka kwa ndalama musanapereke foni. PIN lembani nokha, ndipo isakhale chaka chobadwa chimene chili pa reji, chifukwa reji mumaionetsa kwa aliyense. Werengani ndalama musanachoke pawindo. Ndipo nyengo ya malipiro ndi imene akuba amaimba mafoni akuti ndife a Social Welfare, tumizani K50 kuti dzina lanu lituluke, kapena tiuzeni manambala amene alowa pa foni yanu. Boma silipempha ndalama kapena PIN kuti likulipireni. Nambala yotero muineneze ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, pa *707#.

Kumene netiweki ndi yovuta, malipiro amaperekedwa pamanja ndi munthu wosankhidwa, nthawi zambiri mphunzitsi kapena wa zaumoyo. Pamenepo sainani kapena dindani chala mutawerenga ndalama, osati musanaione. Palibe gawo la a komiti pa ndalama imeneyo.

Daka wa ku Sinda: Cash for Work ya 2024 inali K600 pa masiku khumi a ntchito, ndiye kuti K60 pa tsiku. Inapangidwira anthu amphamvu zawo amene sakulandira ku Social Welfare. Ntchito zake zinali zolambula misewu, kutseka maenje, kufukula ngalande, kusesa pa misika, pa sukulu ndi pa zipatala. Maina amadzera ku Ward Development Committee (WDC), komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndipo khonsolo ndi imene inkalipira.

Chimene chinkachedwetsa malipiro ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku. Kapitawo akalemba dzina mosiyana ndi la pa reji, kapena munthu akagwira ntchito m'malo mwa mnzake osasintha pa pepala, khonsolo imabweza mndandanda wonse, ndipo anthu makumi atatu amadikira chifukwa cha awiri. Ikadzabweranso, gulu lililonse lisunge kope lakelake la kaundula, losainidwa tsiku lililonse, ndipo nambala za foni aziwerenge mokweza pamaso pa eni ake pepala lisanapite ku boma. Ndimaonanso kuti ntchito yake ikanalunjika pa zimene zimasunga madzi, monga kufukula madamu amene anadzala mchenga ndi kukonza zitsime za m'madimba. Kusesa pa msika sikuthandiza munda chaka chamawa.

Sakala wa ku Mambwe: Kuno ku chigwa vuto lathu nthawi zambiri ndi madzi osefukira. Lupande ndi Msandile zikadzala, minda ya kwa Nsefu, Kakumbi ndi Mnkhanya imamira usiku umodzi. Njira yake ndi ya DMMU, motsatira lamulo la Disaster Management Act la 2010. Anyakwawa ndi komiti ya ngozi ya m'dera, imene amaitcha satellite, amatumiza lipoti kwa DC (District Commissioner), amene ndiye wapampando wa komiti ya ngozi ya boma lonse. Komitiyo imatuma anthu kudzaona, lipoti lipita ku ofesi ya DMMU ya chigawo ku Chipata, kenaka ku Lusaka. Nambala yaulere ya DMMU ndi 909.

Lipoti lakuti anthu ambiri avutika silisuntha kanthu. Lembani dzina la mudzi ndi wadi, tsiku limene madzi analowa, nyumba zingati zagwa, muli anthu angati, ana ndi okalamba angati, malima angati a chimanga, mpunga kapena thonje amira, zitsime ndi zimbudzi zingati zawonongeka. Jambulani zithunzi madzi asanaphwe, chifukwa oyendera angafike patapita sabata msewu utauma. Mlangizi wa zaulimi asaine pa chiwerengero cha minda. Ndipo musakweze manambala. Oyendera akapeza nyumba 12 pamene munalemba 60, lipoti lotsatira la mudzi umenewo saliyang'ananso mwachangu.

Chimene chimabwera ndi chakudya, matenti, mabulangete ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Za mlatho wokokoloka kapena denga la sukulu, mu CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera la MP, muli kagawo kosungira ngozi, ndipo pempho lake limadzera ku WDC ndi khonsolo. Kameneko si kogawira anthu m'manja.

Amai Zulu: A Sakala, nanga njovu zikadya munda wonse?

Sakala wa ku Mambwe: Amai, pamenepo ndi powawa. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 silinaike chipukutamisozi cha mbewu zodyedwa ndi nyama. Nenezani kwa a DNPW, oyang'anira nyama zakutchire, ndi ku Community Resources Board tsiku lomwelo kuti adzathamangitse nyamazo ndi kulemba kuwonongekako, ndipo lipotilo lifikenso kwa DC. Likhoza kuthandiza kuti mudziwo uganiziridwe pa chakudya cha thandizo. Anthu a ku Mambwe, Lumezi ndi Chama akhala akupempha kuti lamuloli lisinthe, ndipo pempho lawo ndi lomveka, pakuti nyamazo zimabweretsa ndalama ku dziko pamene wolima pafupi nazo amagona ndi njala.

Nyirenda L.: Tisaiwale chimanga cha FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga. Mu 2024 ankagulitsa kwa anthu m'madepoti pa K330 thumba la 50 kg, pamene kwa mavenda mtengo unali utakwera kwambiri. Sichaulere, ndipo amafuna reji ndi kuchepetsa matumba amene nyumba imodzi ingagule kuti ogulitsanso asamalize. Ndalama imalipidwa mwa njira imene a FRA alengeza, ndipo lisiti ndi imene mumatengera thumba. Musapatse munthu wa pa geti ndalama kuti akudutsitseni. Kwa amene walandira K800, matumba awiri amenewo ndi amene ankafikitsa banja ku malipiro otsatira.

Banda wa ku Katete: Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nthawi. Chimanga chimafa mu Febuluwale. Kafukufuku wa zokolola amatuluka cha mu Meyi, a ZVAC, komiti yoyeza kukula kwa njala, amayendera midzi pambuyo pokolola, ndipo pofika tsiku limene ndalama ilowa pa foni munthu wagulitsa kale mbuzi, njinga, mwina ndi ng'ombe yolimira pa mtengo wotaya. Wina wadya ndi mbewu ya nshawa imene anasunga. Thandizo lofika mochedwa limadyetsa banja koma silibweza ng'ombe. Ndiye pouza anthu za njira zonsezi tiwauzenso kuti asasiye dimba poyembekeza mndandanda. Amene ali ndi dambo afunse kwa a Community Development za Food Security Pack ya m'madimba, imene imapereka mbewu ndi feteleza kwa alimi ovutika amene sali mu FISP.

Tembo wa ku Kasenengwa: Ndamva bwino akuluakulu. Ndiye maina amene anyakwawa alemba kale tichite nawo chiyani? Anthu ena apereka ndi K10 ya pepala.

Mwale D.: K10 imeneyo ibwezedwe kwa eni ake, a Tembo. Palibe kulembetsa kwa thandizo la boma kumene kumalipiritsa. Mndandandawo musautaye, koma usinthe ntchito. Pa dzina lililonse onjezani malima amene anabzalidwa, mbewu yake, tsiku lobzala, ndi gawo limene lafota osadzukanso. Anyakwawa apite nawo kwa mlangizi wa kampu sabata ino kuti adzaone minda chimanga chidakali chiimire, iye aphatikize mu lipoti lake la kwa DACO, ndipo kope lina lipite kwa komiti ya satellite kuti lifike kwa DC. Pa msonkhano womwewo auzeni anthu poyera kuti pepalali ndi lodziwitsa boma za vuto, si lolandirira ndalama. A FISP abwere ndi reji, foni ndi lisiti ya K400 kuti mlangizi aone ngati zonse zikugwirizana mu ZIAMIS.

aNaphiri: Muitanenso a CWAC pa msonkhanowo a Tembo, kuti alembe padera nyumba za okalamba, olumala ndi ana amasiye zimene sizili pa Social Cash Transfer, pamodzi ndi amene alibe reji. Olemba a ku boma akadzafika sakhala masiku ambiri pa mudzi umodzi.